Margaret ndi wa yani, wa mwana kapena wa amake?

Tinali atatu pamkeka usiku umenewo: ine, achemwali anga, ndi mwana wawo wamkazi wa zaka 12, laputopu itakhazikidwa pakampando. Filimu inafika pamene atsikana awiri, Margaret ndi mnzake Janie, alowa m'sitolo ya mankhwala kukagula mapadi. Onse awiri sanayambe kusamba, akungofuna kukayeserera kunyumba kuti tsikulo lisadzawadzidzimutse. Afika polipirira, apeza wolandira ndalama ndi mnyamata. Paketi ikusendera pang'onopang'ono kulunjika kwa iye, atsikana aja auma ngati mbava zogwidwa m'munda mwa eni. Achemwali anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Inenso ndinaseka. Mwanayo sanaseke. Anakokera bulangete kumaso n'kumasuzumira ndi diso limodzi, ndipo filimu isanathe anangoti, "Amayi, ine tulo," n'kulowa kuchipinda.

Mtsutso wathu unayambira pamenepo, ndipo mpaka lero tikakumana umabukanso. Achemwali akuti filimuyi yaposa buku lomwe inachokerako. Ine ndikuti mwina yaposadi, koma yalanda mwana chinthu chake n'kupatsa amake.

Bukulo ndi Are You There God? It's Me, Margaret, limene Judy Blume wa ku America anatulutsa mu 1970. Ndi kabuku kopyapyala, koti munthu n'kukamaliza tsiku limodzi. Wosimba nkhani ndi Margaret Simon, wa zaka 11 kuyandikira 12, amene makolo ake asamuka mumzinda wa New York kupita ku Farbrook, katauni kongopeka ka ku New Jersey. Bambo ake ndi Myuda, mayi ake anakulira m'banja lachikhristu, ndipo poti ukwati wawo unabutsa chidani, anapangana kuti mwanayo akule wopanda chipembedzo, adzasankhe yekha akadzakula. Komabe Margaret amalankhula ndi Mulungu payekha, ngati mmene munthu amachezera ndi mnzake wa ponda apa nane mpondepo. Zambiri zimene amapempha n'zoti sangazitchule pagulu. Amapempha mabere. Amapempha kuti pa anzake onse asakhale womaliza kusamba. Ndipo amafunsa kuti n'chifukwa chiyani Mulunguyo amamumva ali pafupi akakhala yekha, koma akalowa m'sunagoge kapena m'tchalitchi samumva konse.

Chimene anthu analikondera bukuli n'chomwechonso ena analidera. Mayi Blume amasimba kuti atapereka makope atatu kusukulu ya pulayimale kumene ana awo ankaphunzira, mphunzitsi wamkulu, mwamuna, anakana kuwaika m'laibulale chifukwa munali nkhani ya msambo. Bungwe la American Library Association linaliika pamndandanda wa mabuku 100 amene anthu analimbana kwambiri kuti achotsedwe m'malaibulale m'zaka za m'ma 1990. Koma mu 2005 magazini ya Time inaliwerengera pakati pa mabuku ankhani 100 abwino koposa a m'Chingelezi kuyambira 1923. Ife tinalipeza kusekondale yogonera komweko, kope limodzi lothothoka chikuto, ndipo linkayenda bedi ndi bedi magetsi akazimitsidwa, wowerenga atafunda bulangete kumutu ndi katochi. Masamba ena anali atada ndi zala kuposa anzake. Panalibe wofunsa kuti ndi ati.

Kwa zaka pafupifupi 50 mwini buku ankakana kulipereka kwa opanga mafilimu. Anafewa mtima Kelly Fremon Craig, amene anapanga The Edge of Seventeen mu 2016, atawalembera kalata, kenako mu 2018 iye ndi wopanga mafilimu mnzake James L. Brooks atakwera ndege kukawapeza ku Key West, ku Florida, kumene mayiwa amakhala ndi kuyendetsa sitolo ya mabuku. Anajambula mu 2021 ku Charlotte, ku North Carolina, ndipo filimu inatuluka pa 28 Epulo 2023. Abby Ryder Fortson ndiye Margaret, Rachel McAdams ndi Barbara amake, Benny Safdie ndi Herb abambo ake, Kathy Bates ndi agogo Sylvia.

Achemwali amayamba ndi mfundo imene amati ndi yotseka pakamwa: mwini wake anavomereza. Mayi Blume ananena poyera kuti filimuyi yaposa buku lawo. "Mwini mbuzi akuti yanenepa, iwe ndiwe yani kuti uti yaonda?" anandifunsa. Koma akamalankhula mtima uli m'malo, zimaoneka kuti chimene chinawagwira ndi Barbara.

M'buku, Barbara ndi mayi basi. Amajambula zithunzi zake, amaperekeza mwana kukagula bra, amakangana ndi apongozi, ndipo timamuona pokhapokha Margaret akamufuna kapena akamukwiyira. Craig anam'patsa moyo wakewake. Mufilimu, Barbara anali mphunzitsi wa zojambula mumzinda, ndipo posamuka wasiya ntchito kuti akhale mayi wa pakhomo ngati anzake a kumalo atsopanowo. Alowa komiti iliyonse ya makolo kusukulu, apatsidwa ntchito yodula tinyenyezi tansalu tosawerengeka, zala mpaka kupweteka, pabalaza pake pali mbee chifukwa akulephera kusankha mipando. Palibe amene wamuzunza. Akungofota pang'onopang'ono ngati ndiwo zamasamba zosiyidwa padzuwa. Chakumapeto, mayi ake a Nancy, mnzake wa Margaret, atamupemphanso kuti alowe komiti, akana akumwetulira, osapereka chifukwa china koma kuti sakufuna. Achemwali apa anawomba m'manja okhaokha usiku.

Palinso malo amene anawaliza. Margaret afunsa chifukwa chake sanawaonepo agogo ake a kuchikazi. Barbara ayamba kuyankha mopepuka, ngati nkhani yakale imene inapola, koma mawu amuthera pakhosi. Afotokoza kuti makolo ake, Akhristu olimba a ku Ohio, anamuuza kuti akakwatiwa ndi Myuda ndiye kuti si mwana wawonso. M'buku Margaret nkhaniyi amaidziwa kale ndipo amatiuza mwachidule, ngati mwana amene akubwereza zimene anamva akuluakulu akukamba. Mufilimu timaona bala likutseguka pamaso pa mwana. Achemwali anakwatiwa ndi mwamuna wa chipembedzo china, ndipo amalume athu awiri sanaponde paukwati wawo. Papita zaka 15. Sanayambe aikambapo nkhaniyi ndi mwana wawo. "Filimu ija yandinenera," anatero. Kwa iwo, phindu lake n'lakuti mtsikana woonera amatulukira kuti amake nawonso ndi mwana wa munthu, kuti kukula sikuthera pa kutha msinkhu, kuti ngakhale agogo Sylvia, amene atsala okha mumzinda mdzukulu wawo atawachokera, akuphunzira kukhala moyo umene sanauzolowere. Atsikana atatu a misinkhu itatu, aliyense ndi chinamwali chake.

Mfundo yawo ina ndi ya nkhope, ndipo apa ndimagonja msanga. Nancy Wheeler, mtsogoleri wa kagulu kachinsinsi ka atsikana anayi, amene amalamula anzake kuti asamavale sokosi ndipo aliyense akayamba kusamba auze gulu zonse, anatumizira Margaret khadi kuchokera ku Washington kumudziwitsa kuti iye wayamba. Linali bodza. Tsiku lenileni limupeza m'chimbudzi cha lesitilanti ku New York, ndipo wolamula anzake uja alira, aitanitsa amake. M'buku timamva kudabwa ndi kukhumudwa kwa Margaret potulukira bodzalo, chifukwa wosimba ndi iyeyo. Mufilimu timaona Nancy mwini, kamwana kogwidwa ndi mantha, kamene kudzitama konse kwakathera. Mtsikana wosewera mbaliyi, Elle Graham, amanena ndi maso okha zimene Margaret wa m'buku sakanatha kutiuza chifukwa iye mwini anali asanazimvetse. Pamenepa kamera yaposa cholembera, palibe chotsutsa.

Achemwali amatsiriza ndi nthawi imene filimuyi inatulukira. Mu Malichi 2023, aphungu a ku Florida, kumene mayi Blume amakhala, ankakambirana lamulo lochepetsa maphunziro okhudza thupi ndi kugonana m'makalasi a m'munsi, ndipo amene analibweretsa atafunsidwa anavomera kuti lingaletse kukamba za msambo kwa ana osafika giredi 6, ngakhale ena mwa iwo atayamba kale. Patatha zaka 53 chitulukire bukuli, nkhani inali yomwe ija ya mphunzitsi wamkulu ndi makope atatu. Pamalo otero, akutero achemwali, kunong'onezana sikukwanira. Pakufunika kuti mawu oti msambo amveke pa sipika yaikulu, bambo ndi mwana wamwamuna ali pompo. Mbewa ya manyazi inafera ku una.

Zonsezi ndazimva, ndipo zambiri ndi zoona. Koma m'maso mwanga simuchoka bulangete lija.

Mphamvu ya bukuli inali kunong'ona. Linalembedwa ndi mawu a "ine", ndipo mtsikana akamaliwerenga, "ine" ameneyo amasanduka iyeyo. Palibe womuyang'ana. Pemphero la Margaret limalowa m'mutu mwake ngati lake, n'kupeza kuti zimene ankayesa kuti ndi misala yake yekha, winanso kutsidya kwa nyanja anazipempherapo. Kamera siingachite zimenezi. Kamera imaima panja. Ikangoyatsidwa, Margaret saalinso ine, wasanduka iye, kamtsikana ka maso okongola kamene tikukaonera kakuyang'ana kudenga. Ndipo chimene kwa wa zaka 12 ndi nkhani ya moyo ndi imfa, kwa wa zaka 40 amene akuchiyang'ana kuchokera panja ndi nthabwala yokoma.

Titenge malo otchuka aja, pamene atsikana anayi akukoka zigongono m'mbuyo, akubwereza mawu awo onga nyimbo, pokhulupirira kuti akatero mabere akula. Ife titawerenga sitinaseke. Tinadikira kuti kubafa kukhale kopanda anthu n'kukayesa. Ndikudziwa atsikana osachepera atatu a m'chipinda chathu amene anayesa, ndipo wachinayi ndi amene akulemba pano. Mufilimu malo omwewo ndi oseketsa zedi, ndipo anawapanga dala kuti aseketse. Kuseka kwa ine ndi achemwali sikunali kwachipongwe, kunali kwa anthu okumbukira. Koma mwana wa zaka 12 angasiyanitse bwanji? Iye anaona amayi ake ndi amayi ake aang'ono akugubuduka ndi phwete pa chinthu chimene chikumusowetsa tulo.

Kwathu kuno makolo anadziwa kanthu pa nkhaniyi. Mtsikana akagwa m'dothi kawirikawiri sathamangira kwa amake. Amauza azakhali, agogo, kapena mayi wina wapafupi, ndipo chilangizo chimachokera kwa anamkungwi, mayi womubereka ali patali. Sindikuti zonse za kutsimba n'zabwino. Zilipo zimene ndimathokoza kuti zikutha. Koma mtunda umenewu pakati pa mayi ndi mwana sunangobwera chifukwa cha umbuli. Alipo mawu amene amalemera kwambiri akamachokera kwa wokubereka, ndipo alipo mafunso amene sungafunse munthu amene mawa adzakutuma kukatsuka mbale. Atsikana a ku New Jersey a mu 1970 analibe anamkungwi. Anali ndi kafilimu ka kusukulu kokhala ngati kotsatsa malonda, kamene Margaret ndi anzake amaonera anyamata atapatulidwa, ndiponso mabodza a anzawo onga Nancy. Buku la mayi Blume ndilo linakhala namkungwi wawo, namkungwi wolowa m'thumba la yunifolomu, wosaulula kwa amako. Filimu yatenga mayi n'kumulowetsa m'tsimba, n'kumukhazika pampando wa patsogolo.

Kulowa kwa mayiyu kwasintha kulemera kwa nkhani yonse. M'buku, Barbara atumiza khadi kwa makolo ake patatha zaka 14 osalankhulana, iwo ayankha kuti akubwera, ndipo ulendo umene Margaret ankauyembekezera, wokacheza ndi agogo Sylvia ku Florida, ulephereka. Margaret akwiya, ndipo wowerenga akwiya naye limodzi, osachepetsako. Akuluakulu asokoneza zinthu, alipira ndi mwana. Mufilimu, pofika pamenepa tinalira kale ndi Barbara. Tikudziwa kuti mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, tikumvetsa chimene chinamukankha kulemba khadi lija, ndipo tamukhululukira mwana asanayambe n'komwe kukwiya. Ndiye mkwiyo wa Margaret ukuoneka ngati kusamvetsa kwa mwana, kumene adzakusiye akadzakula. Bukuli linkapatsa mtsikana ufulu wosowa kwina kulikonse: woti akwiyire amake popanda wina womukumbutsa kuti amakewo akuvutikanso. Achemwali akuti umenewo ndi ufulu wa kudzikonda. Ine ndikuti munthu wa zaka 12 amafunika kachipinda kamodzi kotero.

Taonaninso mmene anasinthira mkangano wa azigogo. M'buku mbali ziwirizi sizikumana. A Hutchins a ku Ohio, makolo a Barbara, abwera, aumirira kuti mwana ndi Mkhristu chifukwa amake anabatizidwa, pabuka phokoso, anyamuka msanga. Atapita ndi pamene agogo Sylvia atulukira kuchokera ku Florida ndi bwenzi lawo Morris Binamin, n'kunena kuti Margaret ndi Myuda basi. Mwanayo walasidwa kawiri, poyamba ndi alendo, kachiwiri ndi munthu amene amamukonda koposa, amene ankayesa kuti iye yekha samukokera mbali. Bala lachiwirili ndi limene limapweteka. Craig anawasonkhanitsa onse m'nyumba imodzi usiku umodzi. Monga sewero n'zokoma, moto umayakadi, ndipo ndikumvetsa kuti filimu ya mphindi 106 singakhale ndi mikangano iwiri yofanana motsatizana. Koma ndewuyo yasanduka ya akuluakulu okhaokha, Ohio kulimbana ndi New York, ndipo kukhumudwa kwa Margaret ndi agogo ake enieni kwamira m'phokosolo.

Za Laura Danker ndiye timakangana mpaka tiyi kuzizira. Laura ndi mtsikana wamtali amene thupi linakula msanga, ndipo kalasi yonse imamunena kuti amapita kuseri kwa sitolo ndi anyamata. Margaret, amene usiku amapempha Mulungu thupi ngati la Laura, tsiku lina amulalatira ndi mphekesera zomwezo, Laura n'kumufunsa akulira ngati akudziwa mmene zimamvekera kusekedwa chifukwa cha thupi limene sunalisankhe. Pambuyo pake zidziwika kuti zonse zinali zopeka. M'buku zimathera pomwepo, palibe kukonza. Margaret amatsala ndi mlandu wake pamtima, chaka n'kutha. Mufilimu, pachisangalalo chotsekera sukulu, Margaret apita kukamutenga Laura amene waima yekha, kuti adzavine nawo. Achemwali akuti apa mwana woonera waphunzitsidwa chochita akalakwira mnzake, ndipo palibe cholakwika ndi kuphunzitsa. Ine ndikuti buku linamulemekeza mwana koposa, chifukwa linamuuza zoona: kuti pali zolakwa zimene umazindikira mochedwa, mwini wake atapita kale. Tonse tili naye Laura wathu amene sitinamupepese. Wanga ankakhala desiki ya kumbuyo mu Sitandade 7, ndipo dzina limene tinam'patsa sindingalilembe pano.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene kamandiuza zambiri. M'makope oyambirira Margaret ankayeserera ndi mapadi akale omangirira pa lamba wa m'chiuno. Patapita zaka mayi Blume analola kuti asinthe, alembe za mapadi omata, kuti mtsikana wa masiku amenewo asasokonezeke. Ndiye kuti iwo ankafuna kuti bukuli lizikhala la lero nthawi zonse, la amene walitsegula. Filimu yabwerera ku 1970 ndi mtima wonse: magalimoto aataliatali, mafoni a chingwe, zovala ndi nyimbo za nthawiyo. Kwa mayi amene anali ndi zaka 12 nthawi imeneyo, kapena amene anawerenga bukuli patapita zaka khumi, uku ndi kubwerera kumudzi. Kwa mwana wa lero ndi mbiri yakale. Ku America anaiikanso m'gulu la PG-13, chizindikiro chochenjeza makolo kuti zina mwa zimene zilimo sizingayenere ana osafika zaka 13, pamene Margaret mwini wake sanafike zakazo. Ndipo amene anadzaza mipando, malinga ndi mmene manyuzipepala a zamafilimu analembera, ambiri anali amayi akuluakulu. Olemba ndemanga anaiyamikira pafupifupi onse, koma filimu imene inadya madola pafupifupi 30 miliyoni inabweza ongopitirira pang'ono 21 miliyoni.

Achemwali ali ndi mayankho, ndipo si opanda pake. Akuti ndalama za pakhomo la kanema si muyeso wa ubwino, makamaka mwezi umene ana onse ankathamangira The Super Mario Bros. Movie. Akuti atsikana ambiri adzaionera kunyumba, monga tinachitira ife. Ndipo akuti kuikokera nkhaniyi ku masiku ano kukanaipha, chifukwa Margaret wa lero sakanadikira khadi la Nancy kapena buku la zachipatala limene mnzake Gretchen anaba kwa bambo ake kuti aone zithunzi, akanangofunsa foni. Umbuli umene nkhaniyi yakhazikikapo ndi wa nthawi yake. Pamenepa akunena zoona, ndipo ndilibe poyankhira. Chokhacho n'chakuti yankho lawo likutsimikiza dandaulo langa: ngati nkhaniyi singachoke mu 1970, ndiye kuti mwini wake weniweni ndi amene amakumbukira 1970.

Nanga za mwini mbuzi? Mayi Blume analemba bukuli ali ndi zaka zongopitirira 30, akukumbukira bwino lomwe kamtsikana kochedwa kukula kamene iwo anali. Filimu inatuluka ali ndi zaka 85, ali gogo. Amaonekamo pang'ono, akuyenda ndi kagalu mumsewu limodzi ndi amuna awo, ngati anthu oyandikana nawo nyumba a Margaret. Sindikukayika kuti ananena zochokera pansi pa mtima. Koma munthu wa zaka 85 akamaonera nkhani ya mwana, mayi ndi gogo, amakhala pampando uti? Nawonso anawoloka kale, ali tsidya la amayi. Ndipo buku likakhala zaka 50 pansi pa mapilo a anthu ena, wolilemba amatsala ndi dzina pachikuto. Mbuziyo inaswana m'makola ambiri.

Chimodzi chokha timagwirizana popanda kukokana: Craig sanamuthawe Mulungu. Zikanakhala zosavuta kupanga filimu ya ma bra ndi anyamata, dzina la Mulungu n'kungotsala pamutu. Koma Margaret wa mufilimu amapitadi kusunagoge ndi agogo Sylvia, amene akondwa ngati apata mwana watsopano, n'kukhala osamva kanthu chifukwa mapemphero ndi a Chiheberi. Amapita kutchalitchi kwa Janie, amapita kwa Nancy usiku wa Khirisimasi, amalowa m'kachipinda kolapira ka Akatolika potsatira Laura n'kuthawamo mawu atamusowa. Kumapeto amalembera mphunzitsi wake, bambo Benedict, kalata yonena kuti chimene waona n'chakuti chipembedzo chimayambanitsa anthu. Kwathu tikanati mapanga awiri avumbwitsa, sankha limodzi. Margaret sasankha, ndipo buku ndi filimu zonse zimamusiya choncho, ali pamvula, akulankhulabe ndi Mulungu wake wopanda nyumba. Ndikuganiza kuti kwa owerenga ambiri a kuno, ichi n'chovuta kumeza kuposa nkhani ya mapadi.

Chodabwitsa n'chakuti tonse awiri umboni wathu waukulu timautenga pamalo amodzi, pamapeto penipeni. Margaret ali kubafa, aona magazi, aitana amake. Barbara abwera, misozi ilengeza, afuna kumusonyeza kavalidwe ka padi, mwana amuuza kuti wakhala akuyeserera kwa nthawi ndithu. Barbara atuluka. Ndiyeno kamera ikhala kanthawi panja pa chitseko, pa nkhope ya mayi amene akuseka ndi kulira nthawi imodzi, isanabwerere kwa Margaret ndi pemphero lake lomaliza. Achemwali akuti mphindi imeneyo ndiyo filimu yonse, ndipo m'buku mulibe chifukwa Margaret sakanatha kuona kuseri kwa chitseko. Ine ndikuti n'zoonadi, mphindi imeneyo ndiyo filimu yonse: patsiku lalikulu la mwana, anatitulutsa m'chipinda kuti tikaone amake. Achemwali anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Iwe sunaimepo panja pa chitseko chimenecho. Ine ndiimapo chaka chino kapena chamawa, ndipo palibe anandiuzapo kuti ndidzaime bwanji." Sindinayankhe. Anamkungwi a amayi kulibe.

M'mawa mwake ndinadzuka kukafuna laputopu kuti ndigwire ntchito, osaipeza pakampando. Inali kuchipinda kwa mwana, batire itatheratu, mahedifoni ali pansi pa pilo. Nditaitchaja ndinapeza filimu ija itafika kumapeto. Ndinamupeza akutsuka mapoto kuseri kwa nyumba, ndipo ndinamufunsa motsitsa mawu ngati anaimaliza, ndi kuti anaiona bwanji. Sanatukule mutu. "Amayi aang'ono, musandifunse," anatero, akupala mphika ndi mchenga. Nditatembenuka kuti ndizipita anandiitananso. Ankafuna kudziwa ngati buku lija ndikadali nalo, ndipo ngati ndingamubweretsere osawauza amayi ake.